Kota ya zotsala: masamu a bilu ya pamalo odyera

Musanapitirire kuwerenga, tengani cholembera ndi kapepala muyese funso ili. Ndi la ana a Sitandade 8, choncho musaliope.

Anthu anayi anadya pa malo ena odyera. Bilu itabwera, woyamba analipira 1/3 ya ndalama zonse. Wachiwiri analipira 1/4 ya zomwe zinatsala. Awiri enawo anagawana mofanana zotsalazo, ndipo aliyense anapereka K9,000. Kodi bilu yonse inali ndalama zingati?

Ngati mwapeza K36,000, mwakhoza. Ngati mwapeza K43,200, ndinu amene ndikufuna kucheza nanu kwambiri, chifukwa yankho limenelo salipeza munthu waulesi kapena wosadziwa masamu. Amalipeza munthu amene anamvetsera m'kalasi, amene amadziwa kuphatikiza magawo bwinobwino, koma pali funso limodzi laling'ono limene sanazolowere kudzifunsa.

Funsoli linalowa m'nyumba mwanga ku Chibavi kudzera m'kope la mwana wa achemwali anga. Mtsikanayu ndinamutenga kwathu ku Ntcheu kuti adzaphunzire kuno ku Mzuzu, ndipo akukonzekera mayeso a PSLCE, aja amalembetsa a MANEB kumapeto kwa Sitandade 8, amene amanena ngati mwana asankhidwe kupita ku sekondale ya boma kapena ayi. Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama pa sitolo ina mtauni muno, choncho homuweki ya masamu imagwera ine. Tsiku limenelo anabwera nkhope ili gwaa, kope lili m'manja.

“Anti, aphunzitsi alakwitsa kuchonga. Ndawonkhetsa kawiri konse, zikugwirizana.”

Ndinayang'ana ntchito yake, ndipo inali yaukhondo zedi. Anaphatikiza 1/3 ndi 1/4. Anapeza kuti nambala imene 3 ndi 4 zimalowamo zonse ndi 12, nasandutsa 1/3 kukhala 4/12 ndi 1/4 kukhala 3/12. Pamodzi 7/12. Anachotsa pa 12/12, natsala ndi 5/12. Kenako anati 5/12 imeneyi ndiyo K18,000 ya anthu awiri aja, choncho 1/12 ndi K3,600, bilu yonse K43,200. Sanathere pomwepo. Pansi pake anatsimikizira: woyamba K14,400, wachiwiri K10,800, awiri aja K18,000, zonse pamodzi K43,200. Mzere uliwonse unali wolondola. Pambali pake panali mtanda wa inki yofiira.

Cholakwa cha mtundu umenewu ndimachiopa kuposa china chija chimene ana ambiri amachita, chophatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha, n'kunena kuti 1/3 kuphatikiza 1/4 ndi 2/7. Chimenecho n'chosavuta kuchigwira. Umangomufunsa mwana kuti zitheka bwanji munthu akhale ndi 1/3, umuwonjezere zina, n'kutsala ndi 2/7 yomwe ndi yochepa kuposa imene anali nayo poyamba. Akatsimikizira ndi ndalama, manambala amakana okha. Koma K43,200 sikana. Ukaitsimikizira imavomera, chifukwa potsimikizirapo umabwereza kamvedwe komweko kamene kanakusocheretsa poyamba. Mtsikanayu anayankha molondola funso lina, funso limene wachiwiri analipira kota ya bilu yonse. Funso limene anapatsidwa limati kota ya zotsala. Woyamba atalipira, chinthu chimene chikugawidwa chasintha, chachepa, ndipo kota ya chinthu chaching'ono siingafanane ndi kota ya chinthu chachikulu.

Ndikanatha kungomuuza zimenezi, iye n'kugwedeza mutu, sabata yamawa n'kudzalakwanso chimodzimodzi. Ndinamutuma ku okala ya pafupi kuti akatole zitsekerero za mabotolo a Fanta khumi ndi ziwiri. Kunali kukuzizira monga kumachitira kuno dzuwa likangolowa, ndiye tinakhala pamkeka pafupi ndi mbaula, zitsekerero zili pakati pathu.

“Iyi ndi bilu yonse,” ndinatero. “Sitikudziwa kuti ndi ndalama zingati, ndipo usade nazo nkhawa. Woyamba uja tinene kuti ndi amalume ako. Atengere gawo lawo.”

Anagawa zitsekerero m'milu itatu, zinayizinayi, nakankhira mulu umodzi kumbali.

“Tsopano azakhali ako akuti, pa zomwe zatsalazo ine ndipereka kota. Atengere.”

Dzanja lake linapita pa zitsekerero, nawerenga zitatu, kenako anaima. Anayang'ana zimene zinali pamkeka. Zinali zisanu ndi zitatu. Anabweza chimodzi pang'onopang'ono, nagawa zisanu ndi zitatuzo m'milu inayi, ziwiriziwiri.

“Ndi ziwiri,” anatero motsitsa mawu. “Si zitatu. Zinayi zija amalume atenga kale.”

Sindinawonjezere kanthu. Zinatsala zisanu ndi chimodzi, anagawira awiri otsala aja zitatuzitatu, ndipo anaona yekha kuti ngati zitatu ndi K9,000, chimodzi ndi K3,000, ndipo khumi ndi ziwiri ndi K36,000. Amalume K12,000, azakhali K6,000, enawo K9,000 aliyense. Chimene chinamudabwitsa kwambiri n'chakuti azakhali, amene papepala ankaoneka ngati apereka zambiri ndithu ndi kota yawo, ndiwo anapereka zochepa kuposa onse.

Kamphindi kaja kamene dzanja linaima m'malere ndi kamene ndimafuna mwana aliyense akhale nako. Papepala palibe chimene chimakuletsa kutenga kota ya 12 ngakhale 12 kulibenso. Pamkeka sungatenge zimene palibe. Zili ngati nsima mumphika: ukaomola mitanda ya abambo, wotsatira ukamuuza kuti atenge kota, amayang'ana zimene zatsala mumphikamo, saganizanso za ufa umene unathiridwa poyamba.

Ana athu akamayamba Sitandade 1 timawatolera zitsekerero, timitengo ndi timiyala kuti azikawerengera kusukulu. Akafika makalasi apamwamba timawalanda zonsezo, ngati kuti kugwira chinthu ndi manja n'kwa makanda okha. Ine ndikuona kuti timafulumira. Magawo ndi amene amafuna kugwiridwa ndi manja kuposa kuwerenga 1 mpaka 20, chifukwa 5 ndi 5 kulikonse, koma 1/4 payokha siinena kuchuluka kwa chinthu mpaka utadziwa kuti ndi 1/4 ya chiyani. Sindikuloza chala aphunzitsi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a sukulu zambiri za boma ndi odzaza, ndipo mphunzitsi amene ali ndi mulu wa makope oti achonge sangakhale pansi ndi mwana mmodzimmodzi. Komanso kuno ku Mzuzu mwana wina kunyumba amayankhula Chitumbuka, wina Chitonga, wina Chichewa, pomwe funso la masamu pa mayeso limabwera m'Chingerezi, ndiye maso amathamangira pa manambala, amene amaoneka ofanana m'zinenero zonse, n'kudumpha mawu ali pakati. Ntchito ya pamkeka ndi yathu ife a kunyumba, ndipo siifuna kuti kholo likhale lophunzira kwambiri.

Koma ku mayeso sadzalowa ndi zitsekerero, choncho tinabwerera ku kope. Woyamba akalipira 1/3, zimatsala 2/3. Kota ya 2/3 imapezeka pochulukitsa: 1/4 kuchulukitsa ndi 2/3 ndi 2/12, zomwe ndi 1/6. Apa anandifunsa funso labwino: “Nanga Anti, tachulukitsa koma yankho lachepa bwanji?” Kuyambira ali wamng'ono anazolowera kuti kuchulukitsa kumakuza nambala. Ndinamuonetsa zitsekerero ziwiri zija. Kuchulukitsa ndi nambala yosakwana 1 n'kutenga chidutswa cha chinthu, ndipo chidutswa sichingakule kuposa chinthu chimene chachokako. Kenako 1/3 kuphatikiza 1/6 ndi 2/6 kuphatikiza 1/6, zomwe ndi 3/6, theka. Anthu awiri oyamba analipira theka la bilu, awiri otsiriza theka linalo. Ngati theka ndi K18,000, bilu ndi K36,000. Atafika apa anazindikira yekha kuti zitsekerero zisanu ndi chimodzi zikanakwanira, ndipo n'zoona, bola zitatu zotsalazo uziwerenge pamodzi ngati K18,000, osazigawa pawiri. Ndinasankha 12 chifukwa imagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6 popanda chotsala, ndipo ukakhala usanadziwe kumene funso likupita ndi bwino kuyamba ndi nambala yotere.

Pali njira ina imene ine ndimaikonda, chifukwa ndi mmene timachitira pa sitolo ndalama zikapanda kugwirizana madzulo: kuyambira kumapeto n'kumabwerera. Patebulo panatsala K18,000. Ndalama imeneyi inatsala wachiwiri atachotsa kota, ndiye kuti ndi makota atatu a zimene iye anapeza. Kota imodzi ndi K6,000, makota anayi K24,000. K24,000 imeneyo inatsala woyamba atachotsa gawo limodzi mwa atatu, ndiye kuti ndi magawo awiri. Gawo limodzi K12,000, atatu K36,000. Palibe kuphatikiza magawo, palibe kufunafuna 12. Mwana akakhala ndi njira ziwiri zosiyana, imodzi imalondera inzake, ndipo kumeneko ndiko kutsimikizira kwenikweni. Kubwereza njira yomweyo kawiri kumangokuuza kuti sunalakwitse kuwonkhetsa.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti akuluakulu amene amati masamu anawakanika kusukulu amachita zimenezi m'mutu tsiku ndi tsiku. Msuweni wathu wa ku Lilongwe atabwera ku mwambo wa omaliza maphunziro ku Mzuni, ku Luwinga kuja, tinapita naye kukadya mtauni tili anthu asanu. Mlendoyo ankafuna kulawa kondowole ndi batala wa ku Nkhata Bay, ena tinaitanitsa mpunga wa Kilombero ndi nkhuku. Tinali titagwirizana kuti tigawana mofanana. Bilu itafika, msuweni uja anayamba kupisa m'thumba, koma achimwene aakulu anamugwira dzanja.

“Aa, iyayi asuweni. Mlendo ndi mame. Bwezani chikwamacho.”

Mtsikana amene ankatiperekera chakudya anali ataima pambali ndi mbale m'manja. Sanatulutse foni, sanalembe paliponse. Anangoti, “Ndiye kuti enanu muwonjezere K2,000 aliyense, bambo.” Ndipo zinali choncho ndendende.

Nditafika kunyumba ndinasandutsa nkhaniyi kukhala funso, osamuuza mwana uja kuti bilu inali zingati. Anthu asanu anayenera kugawana mofanana, mmodzi sanalipire, anayi otsalawo anawonjezera K2,000 aliyense. Bilu inali zingati? Pali njira ya kusukulu: poyamba aliyense amayenera kupereka 1/5, kenako anapereka 1/4. Kusiyana kwa 1/4 ndi 1/5 ndi 5/20 kuchotsa 4/20, zomwe ndi 1/20. Ngati 1/20 ndi K2,000, bilu ndi K40,000. Ndiye pali njira ya mtsikana woperekera chakudya uja, kungoitembenuza: anthu anayi awonjezera K2,000 aliyense, pamodzi K8,000, ndipo limenelo ndilo gawo la mlendo. Ngati gawo la munthu mmodzi ndi K8,000, la anthu asanu ndi K40,000. Mwana wa achemwali anga anadzera njira yachiwiriyi, ndipo anafunsa mokayika ngati aphunzitsi angailole, popeza mulibe magawo olembedwa ndi kamzere pakati. Ndinamuuza kuti alembe mizere yake momveka ndipo aidziwenso njira inayo, koma asachite manyazi ndi nzeru imene yamufikitsa pa yankho loona.

M'nkhani ya mlendoyi muli kanthu kena kobisika. Aliyense wa ife anayi amayenera kupereka K8,000, anapereka K10,000. Kuchoka pa 8,000 kufika pa 10,000 ndalama yakwera ndi kota, chifukwa 2,000 ndi kota ya 8,000. Koma kuti uchoke pa 10,000 kubwerera pa 8,000 umatsika ndi 1/5 yokha, chifukwa 2,000 ndi gawo limodzi mwa asanu a 10,000. Ndalama yake ndi yomweyo, K2,000, koma dzina lake limasintha malinga ndi pamene waima. Wogulitsa akakweza mtengo ndi 25 peresenti, mawa n'kulengeza kuti watsitsa ndi 20 peresenti, sanatsale ndi phindu lililonse lowonjezera, wangobwerera pamene anali. Akatsitsa ndi 25 peresenti, watsika kuposa pamene anayambira.

Dziko lonse linakumana ndi samu imeneyi mu November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti kwacha yatsika mphamvu. Dola imodzi ya America imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Nambala imene inamveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala inali 44 peresenti, ndipo ndi yolondola: kusiyana kwake ndi K520, ndipo 520 ndi magawo 44 pa 100 a 1,180. Umo ndi mmene dola inakwerera mtengo. Koma mukafunsa kuti munthu amene anali ndi makwacha ake m'thumba anataya gawo lanji la madola amene akanagula, muyenera kuyeza 520 yomweyo pa 1,700, ndipo mupeza pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona, akungoyankha mafunso osiyana. Ndinamva anthu akukangana za zimenezi m'minibasi ndi pa sitolo pathu, wina akuti ndalama zathu zatsala pang'ono kudulidwa pakati, wina akuti ayi, ndipo palibe amene anafunsa kuti 44 peresenti ya chiyani. Ululu wa kukwera kwa mitengo unali weniweni kwa onse awiri, sindikuchepetsa zimenezo. Ndikungonena kuti funso limene linamugwetsa mwana wa Sitandade 8 ndi lomwelo limene limasokoneza akuluakulu akamakamba za ndalama za dziko, za chiwongoladzanja cha banki m'khonde, kapena za katapila.

Mafunso ogawana chakudya ndi akale kwambiri m'masamu. Ku British Museum ku London kuli mpukutu wa gumbwa wochokera ku Egypt, umene mlembi wina dzina lake Ahmes anaukopera cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, kuchokera ku zolemba zina zakale kuposa pamenepo. Umadziwika ndi dzina la Rhind, munthu wa ku Scotland amene anaugula ku Luxor mu 1858. Mafunso asanu ndi limodzi oyambirira mu mpukutuwo ndi ogawa mikate kwa anthu khumi: mkate umodzi, iwiri, isanu ndi umodzi, mpaka isanu ndi inayi. Pa mikate 9 kwa anthu 10, ife tikanangolemba 9/10. Ahmes analemba kuti aliyense alandire 2/3, ndi 1/5, ndi 1/30. Mukaziika pa 30 mupeza 20, 6 ndi 1, pamodzi 27/30, yomwe ndi 9/10 yomweyo. Poyamba zimaoneka ngati kuzungulira, koma taganizani muli ndi mpeni ndi anthu khumi anjala akukuyang'anani. Mukadula kachidutswa ka 1/10 pa mkate uliwonse, anthu asanu ndi anayi alandira chimkate chachikulu, wachikhumi alandira nyenyeswa zisanu ndi zinayi. Papepala n'zofanana, koma wachikhumiyo sangakhutire. Mwa njira ya Ahmes aliyense amanyamula zidutswa zitatu zofanana ndi za mnzake, chachikulu, chapakati ndi chaching'ono, ndipo maso a aliyense amavomereza.

Patapita zaka zoposa 2,000, ku Baghdad cha m'ma 820, katswiri wina wa masamu, al-Khwarizmi, analemba buku limene linapatsa dzina algebra, masamu aja a zilembo, ndipo chigawo chachikulu cha bukulo ndi mafunso ogawa chuma cha masiye. M'malamulo a Chisilamu magawo ake ndi oikika: mwachitsanzo mkazi wamasiye amalandira 1/8 ngati mwamunayo wasiya ana, ndi 1/4 ngati sanasiye. Koma magawo amenewa amawerengedwa ngongole za malemu ndi zimene analamula mu wilo zitayamba zachotsedwa. Ndi gawo la zotsala. Munthu akasiya K8,000,000 ndi ngongole ya K1,600,000, 1/8 ya mayiyo ndi K800,000, osati K1,000,000. Amene anaonapo mkangano wa chuma pambuyo pa maliro, m'chipembedzo chilichonse, akudziwa kuti kusiyana kotereku kumatha kudanitsa abale mpaka kalekale.

Tsopano pali chinthu chimene funso la m'kope lija silifunsa, ndipo ine ndimachifunsa nthawi zonse ndikakhala patebulo ndi anthu. N'chifukwa chiyani woyamba analipira K12,000 pomwe wachiwiri K6,000? Mwina woyambayo ndiye wamkulu, kapena ndiye anaitana anzakewo, kapena anadya zodula. Funso limangotipatsa magawo ngati anagwa kumwamba. Koma patebulo lenileni kuwerengera n'kosavuta. Chovuta n'kugwirizana kuti gawo la aliyense likhale lotani, ndipo apa ndili ndi maganizo anga amene sindibisa.

Mawu akuti “tingogawana mofanana” amamveka achilungamo, koma nthawi zambiri amapweteka munthu amene alibe mphamvu yotsutsa. Tengani bilu yomweyo ya K36,000. Tinene kuti wina anadya chambo ndi zakumwa za K14,000, wina nkhuku ya lokolo ya K10,000, wina nyama ya ng'ombe ya K8,000, wachinayi nsima ya nyemba ndi madzi, K4,000. Mukagawana mofanana aliyense apereka K9,000. Wa nyemba uja wadya 1/9 ya bilu koma walipira 1/4. Wapereka kuposa kawiri zimene wadya, ndipo K5,000 yake yapita kukalipirira chambo cha mnzake. Ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake anaitanitsa nyemba. Sikuti chambo sachikonda. Anayang'ana mitengo, anawerengera m'mutu ndalama ya kabaza yobwererera ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, ndi ya makala a mawa, nasankha chimene angakwanitse. Bilu ikabwera wina n'kunena mokweza kuti tigawane mofanana, iye sangatsegule pakamwa, chifukwa kutsutsa n'kuulula umphawi wake pagulu. Amatulutsa ndalamayo akumwetulira, ndipo ulendo wina mukamuitana amati watanganidwa.

Zimenezi ndaziona zikuchitikira anyamata ongoyamba ntchito, ophunzira a ku koleji amene atengedwa ndi abale ogwira ntchito, ndi amayi a m'magulu a kumpingo. Kawirikawiri amene amayambitsa zogawana mofanana alibe mtima woipa. Amangofuna kupewa kuwerengetsera, chifukwa kwathu kuno kuwerengera mnzako zimene wadya kumaoneka ngati umbombo. Tinakula tikudyera mbale imodzi, ndipo palibe amene ankawerenga mbamu za mnzake. Koma pa mbale imodzi ija aliyense ankadya ndiwo zofanana. Pa malo odyera aliyense ali ndi mbale yake ndi mtengo wake, choncho mwambo wa mbale imodzi ukabwera pa bilu yokha, osabwera pa chakudya, umasanduka wopondereza.

Kugawana mofanana kuli ndi malo ake. Ngati mwaitanitsa nkhuku yathunthu ndi nsima ya onse, gawanani mofanana. Ngati mbale zanu zasiyana ndi ndalama zochepa, musatayirepo nthawi. Koma zikasiyana kwambiri, amene wadya zodula ndiye ayenera kuyamba kuyankhula, anene yekha kuti “ine zanga zachuluka, ndipereka chakuti, zotsalazo mugawane.” Mawu amenewa akachokera kwa iye palibe amene amachita manyazi. Ndipo mwaona, tabwerera pa gawo la zotsala: wa chambo akachotsa K14,000 yake, patebulo pamatsala K22,000, ndipo enawo akambirana za imeneyo. Chabwino koposa n'kunena musanaitanitse. “Lero aliyense alipira zake,” kapena “lero ndi za ine,” kapena “mlendo yekha timulipirira.” Wa nyemba akadziwiratu kuti mugawana mofanana, mwina nayenso aitanitsa nkhuku, kapena apepesa n'kupita kwawo ndalama yake ili m'thumba.

Katsala kanthu kamodzi kamene mabuku a masamu amakapewa mwadala. Mafunso a m'buku amasankha manambala ogawika bwino. Bilu yeniyeni siisankha. Anthu atatu, bilu K37,000: aliyense K12,333 ndi matambala 33, ndipo ma 3 amenewo satha ngakhale mutalemba mpaka m'mphepete mwa pepala. Kwacha imodzi ndi matambala 100 chiyambireni ndalamayi mu 1971, koma tambala palibe amene akuigwiranso pamsika. Ndalama yapepala yaing'ono ndi K20, yaikulu ndi K5,000 imene inatuluka mu 2022, ndipo chenji cha K333 simungachipeze pa malo odyera alionse. Pa Airtel Money kapena Mpamba mungathe kutumiza K12,333 yeniyeni, komabe kwacha imodzi itsala yopanda mwini, chifukwa 12,333 katatu ndi 36,999. Ndiponso anzathu ambiri amaiwala kuti amene walandira ndalama za onse pafoni n'kulipira ndi zake za m'thumba adzadulidwa kenakake akamakatapa kwa ejenti, choncho potumiza ndi bwino kumuwonjezerako pang'ono.

Ife pagulu lathu tinagwirizana kuti tizikwezera m'mwamba. Pa K37,000 aliyense amapereka K12,500, pamodzi K37,500, ndipo K500 yapamwambayo timamusiyira amene watiperekera chakudya.